Chopondera Chimene Sanachithire Mafuta

Cleophus Tubbs anayendetsa basi mumzinda wa Memphis mpaka imvi zinamudzaza m'mutu, koma mukanamufunsa ntchito yake akanakuyankhani mosaphethira kuti iye ndi woimba ng'oma. Za basizo ankaziyesa ganyu amene anangotalika.

Anabadwira m'minda ya thonje ku Mississippi, m'banja la ana ambiri moti mayi ake akafuna kuitana mmodzi ankayamba atchula mayina a ena onse. Ng'oma yake yoyamba inali bafa lamalata lochapiramo zovala, ndipo malipiro ake oyamba anali makofi, chifukwa bafalo linabooka. Atakula anakwera sitima kulowera ku Memphis, monga ankachitira onse amene thonje linawakwana. Mkati mwa sabata ankanyamula matabwa, Loweruka n'kumaimba ng'oma m'madansi. Kumeneko n'kumene anakumana ndi Wardell Rainey, mnyamata wowonda, wonunkhira mafuta a tsitsi, amene anali atangothawa kwaya ya kutchalitchi kuti aziimba za chikondi. Wardell akangotsegula pakamwa, akazi ankaiwala kuti abwera ndi amuna awo. Khalidwe lake ndilo linali lovuta kukhala nalo pafupi, koma khalidwe silimveka pa wailesi.

Nyimbo zawo ankajambulira m'nyumba ina imene kale ankagulitsiramo matayala. Anakhoma mabulangete m'makoma n'kulowetsa onse m'chipinda chimodzi: woimba, a malipenga, wa gitala, wa limba, ndi Cleophus pakona. Panalibe zoti uyu ajambule lero, uyo mawa. Ankayamba pamodzi n'kumalizira pamodzi, ndipo wina akaphonya onse ankabwerera poyambira akumutukwana. Chilichonse cholira m'chipindamo chinkalowa m'nyimbo, kaya ndi chifuwa cha munthu, kaya ndi mwendo wa mpando.

Ng'oma yaikulu ya pansi imaimbidwa ndi phazi. Umaponda kachitsulo, kachitsuloko n'kumenya ng'oma. Chopondera cha Cleophus chinali chogula kusitolo ya pinyolo, ndipo chinali ndi matenda ake. Akaponda, ng'oma inkati du. Akanyamula phazi, chitsulo chinkati kwii. Wojambula nyimbo, mzungu wina wamtali wosaseka, anamuuza kuti achithire mafuta, iye n'kuti mawa. Mawa lakelo lisanafike anajambula nyimbo yoti "Usandidikire Pakhonde", ndipo posakhalitsa nyimboyo inali paliponse, kuyambira m'mabala mpaka m'makhitchini a azungu momwe amayi athu ankagwira ntchito.

Tsono Wardell anali munthu wa zikhulupiriro. Chipewa sankachiika pabedi, ndipo wina akamusesa phazi ndi tsache ankalavulira tsachelo. Ataona Cleophus akutulutsa kabotolo ka mafuta m'thumba, anamulanda n'kukaponya padenga.

"Wapenga kodi, mphwanga?" anatero. "Mwayi wathu uli m'kachitsulo kameneko. Ukathiramo mafuta, ine ndikakuthira iweyo mumtsinje."

Choncho chopondera chinapitiriza kulira, nyimbo ndi nyimbo, zaka zonse zimene Wardell anali pamwamba. Pa zimbale zakuda za masiku amenewo ankalembapo dzina la woimba ndi la kampani, basi. Oimba zida anali ngati ophika paukwati: anthu amayamikira chakudya, mayina awo safunsa. Cleophus sizinkamukhudza nthawi imeneyo. Anali wachinyamata, anali ndi suti yobiriwira, ndipo ankaganiza kuti dziko lonse likudziwa phazi la ndani likuvinitsa anthu.

Zinatha monga zimathera. Mavinidwe anasintha, kampani inatseka, Wardell anasamukira ku California ndi anyamata atsopano osatsanzika n'komwe. Earline, mkazi wa Cleophus, anali ndi mwana m'manja wina m'mimba, ndipo anangonena kamodzi kuti ana sadya ng'oma. Earline sanali munthu wonena chinthu kawiri. Cleophus anagulitsa ng'oma zonse pamodzi ndi chopondera, n'kukaphunzira basi. Anali dalaivala wabwino, wosathamanga, wodikira agogo kuti akhale pansi asananyamuke. Analera ana, anagula nyumba ya njerwa, anakhala wolandira alendo pakhomo la tchalitchi. Zimbale zake zakuda anazisunga m'bokosi mpaka tsiku losamuka, pamene mwana wake wamkazi anaziiwala m'buti ya galimoto dzuwa la Ogasiti likuswa mtengo. Anazipeza zitapindika ngati zipewa.

Atapuma ntchito, Loweruka lililonse m'mawa ankapita kometera kwa Thaddeus Gaines, ngakhale tsitsi loti amete linali lochepa. Thaddeus analandira shopuyo kwa bambo ake pamodzi ndi mipando, magalasi ndi nkhalamba zake zomwe. Kometera kwathu kuli lamulo losalembedwa: mwamuna aliyense amabwera ndi bodza lake limodzi, ndipo ntchito ya anzake ndi kulikana. Panali wina amene anawedza mlamba waukulu ngati thole. Panali wina amene anagwetsa katswiri wa nkhonya kuseri kwa bala, popanda woona. Nkhani ya Cleophus inaikidwa pa shelefu yomweyo, ndipo wotsogolera kuikana anali Purvis Lott, dikoni wamimba yaikulu amene kale ankagawa makalata.

"Iwe unaimbira Wardell Rainey?" Purvis ankatero, maso ali pa masewero a dirafuti. "Nanga dzina lako lili pati?"

"Sankalemba mayina, nkhalamba iwe. Ndakuuza kangati?"

"Ee, sankalemba. Inenso ndinaimba lipenga kumwamba, kungoti angelo sankalemba."

"Mvetsera chimbale. Ukamva du, dikira. Chotsatira ndi kwii. Ameneyo ndine."

"Ine ndinavina nyimbo zonsezo mpaka nsapato kutha, sindinamvepo khoswe akulira. Thaddeus, mwanawe, iwe unamumvapo khosweyu?"

"Musandilowetse, a Dikoni, ine ndili ndi lumo m'manja."

Purvis sankanama. Pa wailesi zamakedzana ndi m'mabala odzaza anthu, kaphokoso kotero sikakanamveka. Komanso nyimbo za Wardell zinali zitasowa pa wailesi, anzake a Cleophus a m'chipinda chija ena anali kumanda ena kutali, ndipo Earline analibe nthawi yokachitira umboni kometera. Mapeto ake, Cleophus akangotsegula chitseko, nkhalamba zonse zinkamulonjera pamodzi kuti kwii, kwii, iye n'kuvula chipewa ngati mfumu. Ankaseka nawo, koma zinkamupweteka. Wa mlamba uja ankadziwa kuti akunama, wa nkhonya chimodzimodzi. Cleophus yekha ndiye ankanyozedwa chifukwa cha chinthu choona, ndipo chinali chinthu chokhacho m'moyo wake chimene ankafuna kuti anthu adzachitchule iye atapita.

Wardell anamwalira ku California, mtima utangoima, ali wosauka ndiponso woiwalika. Ndiyetu munthu amakoma akafa. Mawailesi omwe anamutaya anayamba kulira maliro, anthu amene sanagulepo chimbale chake n'kumanena kuti anawalera ndi iye. Chaka chisanathe, kampani ina ya kutali inasonkhanitsa nyimbo zake zonse zotchuka pa kachimbale kamodzi konyezimira, ka makina atsopano aja osafuna singano. Pachikuto anaikapo Wardell ali mnyamata, mano onse ali m'kamwa. M'kati analembamo zambiri zomutamanda, koma pa oimba zida anangoti mayina awo sakudziwika.

Thaddeus ndiye anagula kachimbaleko, ndipo analengeza kuti Loweruka likudzalo abweretsa makina ake a kunyumba, okhala ndi masipika aakulu, kuti mlanduwu uthe. Ananena kuti zimbale zatsopanozi sizibisa kanthu, ngakhale mpweya wa woimba umamveka.

Cleophus anafika atavala jekete ya kutchalitchi. M'shopumo munadzaza kuposa masiku onse, ena ataima kukhoma, ndipo wina anabweretsa masangweji a nyama ya nkhumba ngati ndi phwando.

"Taonani mkwati!" anafuula Purvis. "Khala apa, mdala, pafupi ndi sipika, khoswe wako asasochere."

"Seka lero, Purvis. Mawa kutchalitchi ukalape pamaso pa mpingo."

Thaddeus anazimitsa makina ometera ndi chokupizira mphepo, n'kudina batani. Malipenga analowa, kenako ng'oma, kenako mawu a Wardell, osalala ngati sanafe. Cleophus anatsamira kutsogolo, dzanja kukhutu. Du. Anadikira. Du. Pakati pa du ndi du panalibe kanthu. Anasendeza mpando, anatembenuza khutu lina, koma panalibebe kanthu. Anaganiza kuti ana a sukulu a kukampani aja atsuka nyimbo ndi makina awo, achotsa kaphokoso poyesa litsiro, ndipo pomwepo amuchotsa iye.

Koma chopondera chinali kulira. Chinkalira momveka kuposa kale lonse, mwina kuposanso mmene chinkalirira m'nyumba ya matayala muja, ndipo aliyense m'shopumo ankachimva kupatula mwini wake. Zitsulo zamkuwa zimene ankamenya pafupi ndi mutu ali mnyamata, kenako injini ya basi zaka zonsezo, zinali zitamudya makutu pang'onopang'ono, kuyambira ku maphokoso ang'onoang'ono oterewa. Mawu a anthu ankawamva bwinobwino, n'chifukwa chake sanadziwe. Mbalame za pabwalo pake anali atasiya kale kuzimva, iye n'kumadandaula kuti mzindawu wathamangitsa mbalame.

Woyamba kusiya kutafuna anali wa mlamba uja. Kenako Thaddeus anakweza chala m'mwamba n'kumachigwedeza motsatira. Purvis anakhala kukamwa yasa, nyama ili m'dzanja.

"Ambuye Yesu," anatero Purvis. "Ndi ameneyo. Cleophus, khoswe uja alipodi!"

Cleophus anamuyang'ana. "Usayambe."

"Ndikunenetsa, mbale wanga. Tamvera! Kwii. Kwii. Akanyamula phazi, monga unkanenera muja."

"Bambo Tubbs, chikumveka," anatero Thaddeus. "Chikumveka kwambiri."

"Iwenso, Thaddeus? Ndinakunyamula uli wa matewera iwe."

Anayang'ana nkhope zonse. Anali anthu omwewo amene ankamulonjera ndi kwii Loweruka lililonse, ndipo anadikira kuti wina aphulike ndi kuseka. Palibe anaseka, ndipo zimenezo ndizo zinamulasa kwambiri. Akanaseka, iye akanadziwa poyankha. Koma ankamuyang'ana mofatsa, akugwedeza mitu, ndipo iye anaganiza kuti amva okha kuti mulibe kanthu, ndiye akumumvera chisoni.

Anaimirira n'kumanga mabatani a jekete. "Kundiseka ndinazolowera," anatero. "Mwandiseka zaka, sindinadandaule. Koma chifundo chanu sindichifuna. Achotsa, ndamva ndekha. Mwapambana, Purvis. Ndine dalaivala wa basi."

"Cleophus, ndine dikoni ine, sindingalumbire pachabe!"

"Dikoni wake uti? Unalumbiranso kuti unasiya fodya."

Anatuluka. Thaddeus anamuthamangira mpaka pakona, epuloni yake ya ntchito ili pakhosi, n'kumulowetsera kachimbale kaja m'thumba la jekete. Cleophus sanakane, sanathokoze. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, basi zikumudutsa, madalaivala achinyamata akumuimbira belu, iye osakweza dzanja.

Anapeza Earline ali patebulo la kukhitchini akusadzula mpiru wa mawa Lamulungu. Anali mayi wamfupi, wa magalasi okhuthala, amene m'moyo wake wonse sananenepo mawu ongofuna kusangalatsa munthu. Abusa akalalikira mozungulira ankawauza pakhomo pomwe. Anamuyang'ana mwamuna wake pamwamba pa magalasi.

"Mwabwera msanga. Akuthamangitsani?"

"Palibe wandithamangitsa, Amayi."

"Nanga nkhope imeneyo mwaitola kuti? Ndi chiyani chikutuluka m'thumbamo?"

Anakaika patebulo. Earline anapukuta dzanja pa epuloni, anakatembenuza, n'kuyang'ana chithunzi cha Wardell kwa kanthawi.

"Hm. Wakuba uja. Amukongoletsa bwanji. Ikani timve."

"Mulibe kanthu mmenemo."

"Cleophus Tubbs, ndati ikani. Ine ndinavina nyimbo zimenezi musanandipatse mimba."

Pamwamba pa firiji panali kamakina kamene mwana wawo anawagulira kuti azimvera nyimbo za kwaya. Cleophus anaikamo kachimbaleko n'kukhala pampando, nkhope ataloza kuzenera. Malipenga analowa, ng'oma inalowa. Earline anapitiriza kusadzula, mutu ukugwedezeka pang'ono. Kenako anakwinya nkhope ngati waluma mwala mu mpunga.

"Aa, koma abale! Anthu ophunzira, ndi makina awo onsewo, alephera kuchotsa chitsulo chanu chija?"

Cleophus anatembenuka. "Mwati chiyani?"

"Chopondera chanucho. Mpaka lero chikundilowa m'mano. Munkaphunzira nacho m'kachipinda kathu kaja, mutaika pilo kuti ng'oma isadzutse mwana, ndiye chotsala n'chimenecho, kwii, kwii, tsiku lonse. Ndinkafuna kuchithira mafuta a makina anga osokera, inu n'kumachitsekera m'sutikesi ngati golide."

"Purvis wakuimbirani foni."

"Purvis andiimbire ine? Akufuna kufa?"

"Earline, musandinamize. Inu nokha musandinamize."

"Ndinakunamizanipo liti? Pamene munagula suti yobiriwira ija ndinati chiyani?"

"Munati ndikuoneka ngati chule."

"Ndiye lero ndiyambe bodza chifukwa cha kachitsulo?"

Anayang'anizana, nyimbo ikupita. Earline anaona mmene mwamuna wake anapendekera mutu, mmene ankayang'anitsitsa kamakinako ngati kuti maso angamuthandize, ndipo anasiya mpiru.

"Inu simukuchimva," anatero.

Cleophus anali atazindikira nayenso, ndipo zinamugwera zonse nthawi imodzi: kuti Purvis sananame, kuti anthu onse aja amva, kuti umboni umene anaudikira theka la moyo wake wafika, wakwanira aliyense mumzinda muno, koma kwa iye wafika mochedwa. Anasangalala, ndipo anamva chisoni chachikulu, osadziwa kuti ayambe chiti.

Earline sanamutonthoze, sanali wa zimenezo. Anadzuka, anabwezera nyimbo poyambira, anakokera mpando wake pafupi, n'kumugwira dzanja mwamuna wakeyo n'kuligoneka patebulo, chikhatho kumwamba. Zala zake zinali zonyowa, zozizira ndi madzi a ndiwo.

"Pondani," anatero.

Cleophus anaponda pansi ndi nsapato ya kutchalitchi. Phazi silinaiwale. Du. Atanyamula phazi, chikhadabo cha Earline chinamugunda pachikhatho. Anapondanso, ananyamula, chikhadabo chinabwera. Sichinachedwe, sichinafulumire. Anapitiriza choncho ndime yoyamba yonse, Wardell akuuza mkazi wake kuti asamudikire, mpaka pamene malipenga amakhala chete n'kutsala ng'oma yokha, pamenepo chala cha Earline chinagunda molimba.

"Apa ndiye chikusokosa," anatero. "Chikuposa ndi Wardell yemwe."

"Sichikuphonya?"

"Ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake chinkanditopetsa."

Misozi inamutsika Cleophus mpaka pa kolala ya jekete, ndipo sanaipukute, chifukwa dzanja limodzi linali kwa Earline, lina litagwira m'mphepete mwa tebulo. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inayamba.

"Imeneyinso mulimo?" anafunsa Earline.

"Zonse ndilimo."

Earline anayang'ana mpiru umene unatsala, anapumira m'mwamba, n'kukhazikika bwino pampando.

"Chabwino," anatero. "Pondani."